Mafunso ndi mayankho: kugulitsa mowa pa zochitika zapadera mu Lilongwe

Chisanu cha mu Julaye chikangotha, Lilongwe sagonanso Loweruka. Uku oimba ali ku Lilongwe Golf Club, uku chionetsero cha malonda ku BICC, uku mpira ku Bingu National Stadium, kwinaku kamsika ka alimi ndi amisiri pa kapinga wa loji ina. Ndipo pamene pasonkhana akuluakulu dzuwa likuswa mtengo, pamafunika chozizira kukhosi. Ofulula mowa amazidziwa zimenezi, aakulu ndi aang'ono omwe, n'chifukwa chake nyengo imeneyi foni yanga siipuma.

Ndakhala kuseri kwa tebulo m'matenti a mowa kwa zaka zingapo, kuthira, kuwerenga makreti ndi kuyenda m'maofesi. Mafunso ali m'munsimu ndi amene anthu amandifunsa mobwerezabwereza. Mudzaona kuti ambiri akuzungulira pa chitsa chimodzi: chiphaso cha mowa chimamangidwa pa munthu, pa malo ndi pa nthawi. Sichikwera nawo lole pamodzi ndi makreti.

Tili kale ndi chiphaso chofululira mowa. China n'chachiyaninso?

Chifukwa kufulula ndi kugulitsa kwa womwa ndi ntchito ziwiri zosiyana pamaso pa lamulo. Chiphaso chimene chapachikidwa pakhoma la fakitale yanu ku Kanengo chikunena kuti pamalo amenewo mukhoza kupanga mowa. Sichikunena kuti mukhoza kukhoma tenti ku Area 47 n'kumathirira anthu m'makapu. Ngakhale mwini bala wa pa Bwandilo, amene ali ndi chiphaso chogulitsira mowa womwera pompo, sanganyamule chiphaso chakecho kupita nacho ku Civo Stadium ngati ambulera. Chinalembedwa dzina la bala yake, ndipo mphamvu yake imathera pakhomo la balayo.

Pa chochitika cha tsiku limodzi kapena masiku angapo mumafunika chiphaso cha kanthawi. Chimenechi chimatchula malo, masiku ndi maola amene mwaloledwa kugulitsa. Masikuwo akatha, nachonso chatha.

Lamulo lake ndi liti, nanga chiphaso amapereka ndani?

Lamulo lalikulu ndi Liquor Act, chaputala 50:07 cha malamulo a dziko lino. Ndilo limagawa ziphaso m'magulu: zopangira mowa, zogulitsira mopikulitsa, zogulitsira womwa. Ntchito yoyang'anira malo ogulitsira mowa ili m'manja mwa makhonsolo, ndipo Local Government Act ya 1998 imawapatsa mphamvu yokhazikitsa malamulo awoawo a m'dera. Kuno kwathu ndiye kuti ulendo ndi wa ku Civic Offices ku City Centre, kumene kuli khonsolo ya mzinda wa Lilongwe.

Palinso National Alcohol Policy imene boma linakhazikitsa mu 2017. Imeneyi si chiphaso, ndipo palibe amene adzakufunseni pachipata, koma ndi imene ikuonetsa kumene mphepo ikulowera: kuteteza ana, kuchepetsa ngozi za pamsewu, kuletsa mowa kupezeka paliponse nthawi iliyonse. Mukamalemba kalata yopempha chiphaso, lembani ngati munthu amene akuzidziwa nkhawa zimenezi.

Chochitika chathu chili kunja kwa tauni. Tipitebe ku Civic Offices?

Apa ndi pamene ambiri amataya tsiku lathunthu. Lilongwe ali ndi makhonsolo awiri, ya mzinda ndi ya boma. Ngati malo anu ali cha ku Nathenje, Mitundu kapena Msundwe, nkhani yanu ndi ya khonsolo ya boma la Lilongwe. Mafamu ndi minda ya maluwa imene anthu akuchitirako maphwando masiku ano yambiri ili m'mphepete mwenimweni mwa mzinda, ndipo maso okha sangakuuzeni kuti malire adutsa pati. Funsani mwini malo kuti msonkho wa malo ake amalipira kuti. Yankho lake ndi limene likulozereni khomo loyenera.

Mukatuluka m'boma la Lilongwe ndiye nkhani yasinthiratu. Tumaini Festival imachitikira ku Dzaleka, ndipo Dzaleka ali m'boma la Dowa. Zoimbaimba za kunyanja ku Senga Bay zili pansi pa Salima. Pepala la ku Lilongwe kumeneko ndi lokulungira chipisi basi.

Wokonza chochitika akuti mapepala onse wathana nawo. Ndimukhulupirire?

Mukhulupirireni mutaona pepalalo ndi maso anu, mutaliwerenga mpaka pansi.

Ndikuuzeni zimene zinandionekera. Chaka china mu Okutobala tinaitanidwa kukagulitsa pa chisangalalo china cha mbali ya kumpoto kwa mzinda. Wokonza wake anali munthu waulemu, wolankhula bwino, ndipo nditamufunsa za chiphaso anangoti, "Achimwene, musadandaule, zonse zili m'manja." Ine ndinagona tulo. Loweruka m'mawa tinatsitsa zigubu zinayi za malita 50 chilichonse, silinda ya gasi, madzi oundana amene tinagula mokwera mtengo chifukwa usiku wake magetsi kunalibe. Pofika 2 koloko mzere unali utafika pa tenti ya anthu a kanyenya. Ndiye panafika akuluakulu awiri, wina atanyamula faelo, n'kupempha mwaulemu kuti aone chiphaso chathu. Ndinawalozera kwa wokonza uja. Anabwera ndi pepala, inde, koma linali lololeza msonkhano ndi zoimbaimba. Mawu oti mowa munalibemo ngakhale pamzere umodzi. Mkulu wa faelo uja anandiyang'ana n'kufunsa funso limodzi lokha: "Amene akulandira ndalama ya mowawu ndi ndani?" Ndinali ine, chikwama chili m'chiuno. Tinatseka mpopi anthu akuyang'ana, madzi oundana aja akusungunukira pa kapinga. Pofika madzulo foni ya wokonza uja inali yozima.

Sindinganene kuti anandinamiza. Iye ankakhulupiriradi kuti pepala limodzi likuphimba zonse. Wolakwa ndinali ine amene sindinafunse kuti ndilione. Safunsa anadya phula.

Ndiye chitani chonchi. Pemphani kope la chiphasocho sabata isanafike. Onani ngati chikutchula kugulitsa mowa, onani dzina limene lalembedwapo, onani ngati chikulola ogulitsa ena kugulitsa pansi pa dzinalo. Ngati wokonza ndiye mwini chiphaso ndipo inu mukungobweretsa mowa, mgwirizano wanu ulembedwe kuti wogulitsa ndi iye, inu ndinu wopereka katundu. Ngati ndalama ikulowa m'thumba lanu, pezani chiphaso cha dzina lanu. Za pakamwa zimauluka ndi mphepo ya Okutobala.

Popita kukhonsolo ndinyamule chiyani?

Nyamulani kalata yopempha yofotokoza kuti ndinu ndani, chochitikacho n'chotani, chidzachitikira kuti, masiku ati, kuyambira nthawi yanji mpaka nthawi yanji, ndipo mukuyembekeza anthu angati. Phatikizani kope la satifiketi yolembetsera bizinesi yanu, nambala yanu ya msonkho ya TPIN, ziphaso za mowa zimene muli nazo kale, chitupa chanu cha unzika, ndi kalata ya mwini malo kapena wokonza chochitika yovomereza kuti mudzagulitsepo. Kalata yomalizayi anthu amaiiwala kwambiri, chonsecho ndi imene imasonyeza kuti simukudzikhomera tenti pabwalo la eni.

Ine ndimaonjezerapo kachithunzi kojambula pamanja: apa chipata, apa tenti ya mowa, apa zimbudzi, apa posewerera ana. Palibe anandiuzapo kuti n'chokakamiza, koma ndaona kuti munthu wa muofesi akaona kuti mwaganizira kale kumene ana adzakhale, mafunso ake amachepa. Chilichonse chikhale ndi makope awiri, ndipo limodzi akudindireni kuti lalandiridwa.

Ndiyambe liti kuyendetsa mapepalawa?

Tsiku limene mwagwirizana ndi wokonza, osati sabata ya chochitikacho. Ine ndimadzipatsa mwezi wathunthu. Pempho limadutsa m'manja mwa anthu angapo, a zaumoyo angafune kudzaona malo, apolisi a m'deralo ayenera kudziwa, ndipo wosainira akhoza kukhala ali ku msonkhano ku Salima sabata yonse. Mu Disembala ndiye onjezeranipo, chifukwa aliyense amakhala akufuna chinthu chomwecho.

Zimafuna ndalama zingati?

Mitengo amaika ndi khonsolo, ndipo imaunikidwanso malinga ndi bajeti. Chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, choncho mtengo umene mnzanu analipira Khirisimasi yatha usakhale poyambira bajeti yanu ya mu Ogasiti. Funsani pa kauntala, lipirani kumene akuuzani kuti ndi kolipirira kwa khonsolo, ndipo tengani risiti. Ndalama ya chiphaso siiperekedwa pa malo oimika magalimoto, siitumizidwanso pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu.

Kunena zoona, pa ndalama zonse za tsikulo chiphaso si chimene chimapweteka. Chimene chimadya phindu ndi lendi ya malo, jenereta, madzi oundana ndi alonda.

Nanga a MBS akulowapo bwanji?

Khonsolo imayang'ana malo ndi wogulitsa. Malawi Bureau of Standards (MBS) imayang'ana chimene chili m'botolomo. Bungweli lakhalapo kuyambira 1972, likulu lake lili ku Blantyre koma lili ndi ofesi kuno ku Lilongwe, ndipo chakumwa chopangidwa kuti chigulitsidwe kwa anthu chimayenera kudutsa m'manja mwake. Amayendera malo opangira, amatenga zitsanzo kukaziyeza, amaonanso lebulo: dzina la wopanga, mphamvu ya mowawo, nambala ya mphika umene unafululidwa, ndi tsiku limene udzathere ntchito.

Ofulula ang'onoang'ono ndi amene amapunthwa apa. Munthu wayamba kufulula m'galaja ku Area 10, anzake amutama, ndiye akuganiza zokayesa msika pa chionetsero kaye, za MBS adzaziona malonda akayenda. Ndondomekoyo yatembenuzidwa. Chiphaso cha kanthawi chimakulolani kugulitsa mowa wovomerezeka pamalo achilendo. Sichisandutsa mowa wosayezedwa kukhala wovomerezeka.

Ndipo musaone ngati kukhwimitsaku n'kongofuna kuvutitsa anthu. Mu 2024 ku Blantyre kunafa anthu atamwa mowa umene omwa okha anaupatsa dzina loti "Ambuye n'tengeni". Chichokereni apo, munthu wa boma akaona chigubu chopanda lebulo saseka nacho, ngakhale inu mutalumbira kuti munafulula ndi chimera chochokera ku Germany.

Za msonkho zimakhala bwanji pa tsiku limodzi lokha?

Bungwe lotolera msonkho la MRA siliwerenga kuti ndi tsiku limodzi. Mowa uli m'gulu la katundu wolipira msonkho wa excise, ndipo msonkho umenewu umamutsata wopanga pamene katundu akutuluka m'fakitale, kaya akupita ku botolo sitolo kaya ku tenti. Kuyambira 2024 kunabweranso zidindo za msonkho za ndondomeko ya Kalondola, zimene zimasonyeza kuti chakumwacho chinadutsa njira yake. Ngati mukupita ndi zigubu m'malo mwa mabotolo, kambiranani ndi a MRA pasadakhale za momwe katundu wotereyo amalembedwera, ndipo galimoto yonyamula ikhale ndi mapepala osonyeza kuchuluka kwa zimene zatuluka.

Ngati munalembetsa VAT, malonda a mu tenti ndi malonda ngati ena onse. Konzani njira yoperekera risiti ngakhale mzere utatalika. Ine ndimaika munthu mmodzi wolandira ndalama n'kupereka katikiti, wina wothira yekha. Zimathandiza pa msonkho, zimathandizanso kuti makapu khumi asasowe m'manja mwa anyamata anu.

Sitikugulitsa, tikungolawitsa ulere. Chiphaso chikufunikabe?

Funso lake ndi lakuti ulerewo ndi weniweni? Ngati munthu walipira pachipata ndipo tikiti yake ikumupatsa makapu atatu, mwagulitsa, kungoti ndalama yadzera khomo lina. Chimodzimodzi ngati mukugulitsa kapu yopanda kanthu pa mtengo wa mowa n'kumati mowawo ndi mphatso. Nzeru zimenezi aliyense amaganiza kuti wazitulukira ndi iye, koma a khonsolo anazimva kalekale.

Ngakhale kutakhala kulawitsa kwenikweni, kakapu kakang'ono kopanda malipiro, lembani m'kalata yanu kuti mudzachita zimenezo. Ndipo lamulo la zaka silipita kutchuthi chifukwa choti mowa ndi waulere.

Nanga pa ukwati, chinkhoswe kapena phwando la kuntchito?

Banja likagula makreti n'kumagawira alendo ake oitanidwa, palibe malonda amene achitika pamalopo. Mwagulitsa kwa banjalo, nkhani yathera pomwepo. Koma maukwati a mu Lilongwe masiku ano ambiri amakhala ndi kabala kumbuyo, kumene amalume akatopa ndi pelekanipelekani amakagula chawo ndi ndalama ya m'thumba. Pamenepo ndiye pali wogulitsa, ndipo wogulitsayo ayenera kukhala ndi pepala. Ngati holo kapena munda umene mwabwereka uli ndi chiphaso chakechake, kawirikawiri eni malo amafuna kuti bala ikhale yawo. Funsani musanatsitse katundu, chifukwa mkangano wa pa ukwati wa eni umachititsa manyazi kuposa chindapusa.

Tingadziwe bwanji kuti wogula wakwana zaka?

Lamulo likuti mowa sugulitsidwa kwa munthu wosakwana zaka 18. Pa zonse zimene zalembedwa pano, apa ndi pamene sindinyengerera mnyamata wanga aliyense.

Msampha ulipo umodzi umene ambiri sauona. Chitupa cha unzika cha NRB munthu amalandira akakwana zaka 16. Ndiye kuti mwana wa Fomu 3 akhoza kutulutsa chitupa chenicheni, cha nkhope yake, chonsecho sanafike pogula mowa. Wothira wanu asamangoona kuti chitupa chilipo, aziwerenga chaka chobadwa. Ine ndimalemba ndi cholembera chachikulu pa katoni, n'kumata m'kati mwa tebulo, tsiku ndi chaka chimene munthu ayenera kukhala atabadwa kuti agule lero. Pa phokoso la zimkuzamawu palibe amene angachotsere 18 m'mutu molondola.

Njira yabwino ndi kuyang'ana zitupa pachipata n'kumanga kachingwe pamkono wa amene akwana zaka. Pa zochitika za mabanja, tenti ya mowa ikhale ndi mpanda wake, kutali ndi kumene ana akudumphadumpha. Ndipo pali chizolowezi chathu chija chotuma mwana, "thamanga ukanditengere ziwiri." Kunyumba ndi nkhani ya makolo. Pa tenti yanu mubwezeni mwanayo mwaulemu, bambo ake abwere okha. Adzanyinyirika, koma adzabwera. Othira anunso akhale akuluakulu, musatenge mdzukulu wa pasukulu kuti adzathandize chifukwa ali pa holide.

Tingagulitse mpaka nthawi yanji?

Mpaka nthawi imene yalembedwa pa chiphaso chanu, osati imene woimba womaliza watsikira pa nsanja. Tonse tikudziwa kuti shoo yolengezedwa 6 koloko imayamba 9, ndipo woimba wamkulu amakwera tambala atatsala pang'ono kulira. Choncho popempha maola, pemphani mukuganizira nthawi ya Chimalawi, osati ya pa positala. Akakupatsani ochepa, lengezani kugula komaliza kutatsala theka la ola, anthu asadzidzimuke.

Malo okhala anthu ngati Area 18 kapena Area 49 ali ndi vuto linanso la phokoso. Dandaulo la oyandikana nawo likapita kupolisi, amene amatsekedwa msanga ndi wa mowa.

Munthu waledzera kale koma akufunabe kugula. Ndimukanize?

Mukanizeni. Mupatseni madzi, muitanireni anzake amene wabwera nawo. Ndalama ya kapu imodzi siingalipire tebulo losweka, ndipo ndewu ikabuka pa tenti yanu dzina limene lidzakumbukiridwe kukhonsolo chaka chamawa ndi lanu. Kuyendetsa galimoto utaledzera ndi mlandu pansi pa Road Traffic Act, ndiye okonza anzeru amagwirizana ndi oyendetsa mataxi kuti aime pafupi ndi chipata. Kukwera kabaza wa njinga yamoto munthu akudzandira ndiko kusaka bedi ku Kamuzu Central.

Tikufuna kuika kasipika pa tenti yathu. Pali vuto?

Nyimbo zoseweredwa pagulu zili ndi eni ake, ndipo amene amawatolerera ndalama ndi COSOMA, mothandizidwa ndi Copyright Act ya 2016. Zisangalalo za pagulu zilinso ndi chilolezo chake cha ku Censorship Board. Zimenezi nthawi zambiri ndi katundu wa wokonza chochitika, koma mukabweretsa DJ wanu ndi zimkuzamawu zanu, funsani ngati mapepala ake akukuphimbani.

Makapu, mabotolo, zinyalala: ndani amayang'ana zimenezi?

A zaumoyo a khonsolo, pogwiritsa ntchito Public Health Act ndi malamulo a mzinda. Chichitikireni mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, nkhani ya madzi osamba m'manja ndi zimbudzi pa misonkhano siitengedwanso mopepuka, makamaka mvula ikayamba. Khalani ndi ndowa ya mpopi ndi sopo pa tenti yanu, madzi otsukira ziwiya akhale aukhondo, ndipo madzi oundana oziziritsira mabotolo asalowe m'kapu ya munthu. Ogwira chakudya ndi zakumwa angafunsidwe satifiketi ya kuchipatala, choncho anyamata anu akayezetse nyengo isanayambe.

Mabotolo agalasi pa gulu lalikulu, makamaka pa mpira, okonza ambiri sawalola, ndipo ine ndimagwirizana nawo. Botolo lopanda kanthu m'manja mwa sapota amene timu yake yagoletsedwa mphindi yomaliza si botolonso ayi. Thirani m'makapu, mabotolo atsale kuseri m'makreti, kumene mungawawerengenso bwino pobweza. Kumbukiraninso kuti mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 kukhuthala kwake ndi oletsedwa m'dziko muno, ndipo a bungwe loteteza chilengedwe la MEPA ndi amene amalondoloza. Majumbo opyapyala onyamulira zitini asapezeke pa tebulo lanu.

Silinda ya gasi muimangirire ku mtengo wa tenti. Ndinaonapo ina itagwa chifukwa cha mwana wothamanga, ndipo phokoso lake linabalalitsa mzere wonse.

Tili ndi chiphaso koma wokonza akuti kampani ina yokha ndiyo igulitse mowa. Akuloledwa kutero?

Chiphaso chimakutetezani kwa boma, sichikutsegulirani chipata cha mwini. Zochitika zikuluzikulu zimayenda ndi ndalama za othandiza, ndipo kampani ikalipira nsanja ndi oimba imafuna kuti mbendera zake zokha ndi zimene zizioneka. Msika wa mowa wa m'mabotolo kuno wakhala m'manja mwa fakitale imodzi yaikulu kwa nthawi yaitali: Carlsberg inatsegula ku Blantyre mu 1968, fakitale yake yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo Castel inaitenga mu 2016. Wofulula wamng'ono sangapikisane nawo pa ndalama za nsanja, ndipo sindiona chifukwa choyesera. Malo ake ndi timisika ta Loweruka, zionetsero za zakudya, madzulo a ndakatulo, kumene anthu mazana awiri ali ndi nthawi yofunsa kuti mowawu mwaikamo chiyani. Ngati mukuona kuti mgwirizano wina ukupondereza malonda mopanda chilungamo, kokadandaula ndi ku Competition and Fair Trading Commission, koma musayembekezere kuti yankho lifika Loweruka lisanakwane.

Nanga masese, kachasu ndi mowa wa m'masacheti?

Masacheti ndiye iwalani, analetsedwa mu 2015, ndipo palibe chiphaso cha kanthawi chimene chingawadzutse. Kachasu wotchezedwa kuseri kwa nyumba ku Mgona kapena ku Chinsapo alibe malo pa tenti yovomerezeka, chifukwa palibe amene anamuyeza mphamvu. Masese ofulula amayi kumudzi a pa zikondwerero za chikhalidwe ali ndi njira yake, lamulo limauona mowa wamakolo mosiyana ndi wa m'fakitale, ndipo nkhani yake imayambira kwa amfumu ndi kukhonsolo ya deralo. Koma mukangouika m'mapaketi, n'kumata dzina, n'kuyamba kuugulitsa ngati Chibuku, mwalowa m'bwalo la MBS ndi MRA.

Kwa ogulitsa mowa wa masese wa m'mapaketi, vuto lenileni pa tenti si pepala, ndi dzuwa. Mowawu umakhala ukuwirabe, ndipo paketi yosiyidwa pa dzuwa la Novembala imafufuma n'kuyamba kutuluka thovu. Sakani mthunzi.

Oyendera akafika pa tenti ndichite chiyani?

Alandireni bwino, apempheni chitupa chawo cha ntchito, kenako atulutsireni faelo. Chiphaso chenicheni chikhale pamalopo, chopachikidwa poonekera m'pepala la pulasitiki kuti chisanyowe, osati m'galimoto ya abwana amene apita ku Gateway Mall kukagula madzi oundana. Munthu amene mwamusiya pa tenti adziwe kumene kuli pepala lililonse.

Wina akayamba kuzungulira nkhani, kuti pepalali lili ndi kavuto koma tikhoza kumvana, mufunseni dzina ndi ofesi yake, ndipo nenani kuti chindapusa chilichonse mukalipira ku ofesi Lolemba n'kulandira risiti. Pa zochitika zikuluzikulu pamadzadzanso akathyali ovala jekete amene sagwira ntchito kulikonse, ndipo funso la chitupa lokha limawathamangitsa. Kupereka kangachepe ndi mlandu pansi pa Corrupt Practices Act kwa wopereka ndi wolandira yemwe. Komanso mukapereka kamodzi, chaka chamawa adzabwera atatu.

Mvula yagwa, chochitika chasunthidwa. Chiphaso chija chigwirabe ntchito?

Chinalembedwa tsiku, ndiye tsiku likasintha bwererani nacho kuti akakusinthireni kapena akupatseni china. Chimodzimodzi malo akasintha, ngakhale kutakhala kungowoloka msewu. Musakonze deti ndi cholembera chanu, pakuti pamenepo mwachoka pa kusowa chiphaso mwafika pa kupeka chikalata cha boma.

Mowa wotsala ubwerere kumene unachokera ndipo ulembedwe kuti wabwerera. Chiyeso chimakhalapo Lamulungu m'mawa, mukupasula tenti, anthu oyandikira akubwera ndi ndalama m'manja kuti muwagulitse wotsalawo motchipa. Chiphaso chinatha usiku wathawu. Kwezani zigubu m'galimoto, werengani makreti kawiri, tolani makapu onse pa kapinga, ndipo musanachoke pitani kwa mwini malo akusainireni kuti mwasiya pamalo pali bwino. Kapepala kameneko mudzakaphatikize pa kalata yanu yopempha ya ulendo wotsatira.